Tsoka Limene Limanunkha: Mbiri ya Kuyeza Mpweya wa m'Mafuta a Thiransifoma

Thiransifoma ikaphulika m'dera, m'mawa mwake nkhani imakhala imodzi pa chigayo, kwa ometa ndi kwa amayi ogulitsa nsomba za m'firiji: "Yangophulika yokha, dzulo lomweli inali bwinobwino." Wina amapukusa mutu n'kutonthoza anzake kuti tsoka silinunkha. Mwambiwu sindikuutsutsa. Ndi woona pa njoka ya m'njira ndi pa ngozi ya minibasi. Koma pa thiransifoma yaikulu, ija imang'ung'udza usana ndi usiku m'kati mwa mpanda wa sabusiteshoni, mwambiwu umaphonya. Tsoka lake limanunkha, ndipo kawirikawiri limayamba kununkha kudakali milungu kapena miyezi kuti moto ubuke. Chimene chinasowa kwa nthawi yaitali ndi mphuno yomvera fungolo. Kuisula mphunoyo kwatenga zaka 100, ndipo amisiri ake anali a mayiko osiyanasiyana.

M'kati mwa thanki yachitsulo ija mulibe chozungulira ngati mu injini ya galimoto. Muli mulu wa timalata topyapyala tosanjikizana, ndipo pa muluwo pakulungidwa mawaya a kopa, aliyense atavekedwa pepala. Inde, pepala lenileni lochokera ku mtengo, m'bale wake wa lija la matumba a simenti. Zonsezi zamizidwa m'mafuta. Mathiransifoma oyamba, amene Zipernowsky, Bláthy ndi Déri anapanga pa fakitale ya Ganz mumzinda wa Budapest mu 1885, anali aang'ono, ndipo mphepo yokha inkakwanira kuwaziziritsa. Mu 1887 Elihu Thomson wa ku America analembetsa nzeru yomiza thiransifoma m'mafuta. Pofika 1891, pamene magetsi anayendetsedwa mtunda wa makilomita 175 kuchokera ku Lauffen kukafika ku chionetsero cha mumzinda wa Frankfurt, mathiransifoma a m'mafuta anali atayamba ntchito. Mafutawo anapatsidwa ntchito ziwiri: kutulutsa kutentha, ndi kutchinga magetsi kuti asalumphe kuchoka pa waya wina kupita pa wina.

Walira mvula walira matope. Atamiza mawaya m'mafuta n'kumanga chivindikiro ndi mabawuti, mainjiniya anadzitseka maso okha. Polumikizira pakakhwepa n'kuyamba kutentha, kapena pepala likanyowa n'kuyamba kuboola, panalibe woona. Ndipo mafuta ndi mafuta basi: moto ukawapeza amayaka.

Woyamba kupeza pogwira anali Max Buchholz, injiniya wa ku Germany amene ankagwira ntchito mumzinda wa Kassel. Anazindikira kuti m'kati mukatentha kwambiri kapena mukathetheka, mafuta ndi pepala zimaphwanyika n'kutulutsa mpweya, ndipo mpweyawo umakwera m'mwamba ngati thovu la phala lowira. Mu 1921 anapanga kachipangizo kogwira thovulo, kamene mpaka lero kamadziwika ndi dzina lake.

Kachipangizoka n'kosavuta kukamvetsa, ndipo n'chifukwa chake ndimakakonda. Pamwamba pa thiransifoma yaikulu pamakhala thanki yaing'ono yogona chopingasa ngati mgolo, yolandira mafuta akafufuma ndi kutentha. Paipi yolumikiza thanki yaikulu ndi mgolowo imakwera mopendekeka pang'ono. Pakati pa paipiyo Buchholz anaikapo kabokosi kachitsulo kokhala ndi kazenera ka galasi, ndipo m'kati mwake muli zoyandama ziwiri zofanana ndi chija cha m'thanki ya chimbudzi chamadzi. Thovu likamakwera pang'onopang'ono limakodwa m'kabokosimo, mafuta amatsika, choyandama cham'mwamba chimatsika nawo, belu n'kulira. Koma m'kati mukathetheka mwamphamvu, mafuta amathamanga m'paipi ngati madzi osefukira, amakankha cham'munsi, ndipo magetsi amadulidwa nthawi yomweyo.

Belu likalira, mmisiri ankakwera makwerero n'kusuzumira pa kazenera kaja. Mpweya woyererapo unkatanthauza kuti likupsa ndi pepala, wachikasu unkaloza matabwa ochirikiza mawaya, wotuwa kapena wakuda unali wa mafuta. Akatero ankatsegula kampopi kapamwamba n'kuyandikiza moto wa machesi. Mpweyawo ukapanda kuyaka, mtima unkakhala m'malo: mwina ndi mphepo chabe imene inatsalira pothira mafuta. Ukayaka, tsiku limenelo kunalibe zoweruka. Diso, mphuno ndi bokosi la machesi, ndizo zinali labotale yonse, ndipo zinapulumutsa mathiransifoma osawerengeka.

Komabe kabokosi ka Buchholz kali ngati mnansi amene amabwera ndi uthenga wa matenda wodwala atagona kale pa mphasa. Chifukwa chake n'chakuti mafuta amameza mpweya, monga momwe chakumwa cha m'botolo chimabisira gasi wake mpaka mutachitsegula. Vuto likadali laling'ono limatulutsa mpweya wochepa, ndipo wonsewo umasungunuka m'mafuta osasiya thovu ngakhale limodzi. Thovu limadzaoneka mafuta atakhuta, kapena vuto litakula moti mafuta sangamezenso msanga. Choncho umboni unalipo kuyambira tsiku loyamba, woyandama m'thanki monse, koma panalibe njira youfunsira.

Njirayo inachokera kwa anthu amene sankaganizako n'komwe za magetsi. Mu 1952, pa malo ofufuzira zamankhwala a Mill Hill mumzinda wa London, Archer Martin ndi Anthony James anaonetsa luso lolekanitsa mipweya yosakanikirana, limene limatchedwa gas chromatography. Mipweya imalowetsedwa pamodzi m'kachubu kakatali kopyapyala, koma uliwonse umayenda ndi liwiro lake, ngati ana a sukulu pa mpikisano wothamanga: amanyamukira pamodzi, koma pa mzere womaliza amafika mmodzimmodzi, woyang'anira n'kumalemba maina. Makampani oyenga mafuta a galimoto analitola msanga lusoli. M'zaka za m'ma 1960 makampani a magetsi nawonso anayamba kutunga mafuta a mathiransifoma, kukoka mpweya wobisikamo, n'kuuthamangitsa m'kachubu kaja.

Apa m'pamene zinaoneka kuti mafuta samangoulula kuti kuli vuto, amanenanso mtundu wake. Mipweya imene amatulutsa ambirife timaidziwa kale, kungoti sitiitchula maina. Pepala likamapsa limatulutsa carbon monoxide, mpweya womwewo umene umapha banja logona ndi mbaula m'nyumba yotseka mu Juni, pamodzi ndi carbon dioxide. Magetsi akamathetheka mofooka m'timipata ta pepala lonyowa, wochuluka umakhala haidrojeni. Kutentha kosafika madigiri 300 kumatulutsa methane, uja wotuluka mu ndowe za ng'ombe amene ena amaphikira, ndi mnzake ethane. Kutentha kukakwera kupyola pamenepo, makamaka kukadutsa madigiri 700, amene amalamulira ndi ethylene, mpweya umene umapsetsa nthochi zovundikira. Ndipo pali wina amene injiniya aliyense amamuopa: acetylene, gasi wa owotcherera zitsulo a ku Ndirande ndi ku Biwi. Ameneyu amabadwa pa kutentha koopsa kwa moto wa magetsi wolumpha m'mafuta. Thiransifoma yabwino siyenera kukhala naye. Akangooneka, ngakhale pang'ono chabe, anthu amaimirira.

"Pang'ono" ameneyu ndi wochepadi. Mipweyayi amaiwerenga m'magawo a pa miliyoni, mwachidule ppm. Gawo limodzi lili ngati supuni imodzi ya tiyi m'migolo 25 ya malita 200.

N'chifukwa chake kutunga mafuta okayeza ndi ntchito ya munthu wodekha. Mmisiri amagwada pa mpopi wam'munsi mwa thanki, amapukuta fumbi, n'kuyamba wataya mafuta oyamba mu ndowa, poti amenewo angokhala m'paipi ndipo sadziwa za m'kati. Kenako amalumikiza sirinji yagalasi, kawirikawiri ya mamililita 50, yokhala ndi kampopi kanjira zitatu. Sakoka ngati namwino, amalola mafuta kukankha okha. Amatsuka sirinjiyo ndi mafuta omwewo kawiri kapena katatu, n'kuiimika choloza kumwamba kuti thovu lililonse lituluke. Thovu limodzi lotsalira limasokoneza zotsatira, chifukwa haidrojeni sakonda kukhala m'mafuta ndipo amathawira m'thovumo. Akatseka amalemba nambala ya thiransifoma, tsiku ndi kutentha kwa mafuta, n'kuika sirinji m'bokosi losalowa dzuwa. Zili ngati kutenga magazi kuchipatala, ndipo mainjiniya eni ake amayerekeza choncho.

Kuyeza kunali mbali imodzi, kumasulira kunali ina. Vuto lenileni silitulutsa mpweya umodzi wokha, limatulutsa msakanizo. M'zaka za m'ma 1970 Dörnenburg wa kampani ya Brown Boveri ku Switzerland, ndi Rogers wa bungwe la magetsi la CEGB ku England, aliyense anakonza njira yogawa mpweya wina ndi unzake, zotsatira n'kuziyang'ana pa tebulo la matenda. Mu 1978 mabungwe awiri okhazikitsa miyezo anatulutsa malangizo awo: IEC 599, amene lero ndi IEC 60599, ndi IEEE C57.104 ya ku America. Njirazi zinathandiza, koma zinali ndi khalidwe lokwiyitsa. Nthawi zambiri manambala ankagwera pa mpata umene tebulo silinaulembe, ndipo injiniya ankatsala ndi pepala lonena kuti matenda sakudziwika, thiransifoma ikung'ung'udzabe panja.

Amene anatseka mpatawo anali ku Québec, ku Canada, ndipo sizinangochitika mwamwayi. Mu 1965 kampani ya Hydro-Québec inayatsa mzere woyamba pa dziko lonse wa 735 kV, wotenga magetsi ku madamu a mtsinje wa Manicouagan kupita nawo ku mizinda ya kum'mwera. Mathiransifoma a mphamvu yotere anali achilendo, odula kwambiri, ndipo ena anali kutali m'nkhalango za chisanu kumene munthu safikako mwachisawawa. Kampaniyo inali ndi chifukwa chokwanira chofunira mphuno yakuthwa. Ku malo ake ofufuzira a IREQ, m'tauni ya Varennes pafupi ndi Montréal, kunabwera katswiri wa kemisitiri wophunzira ku France, Michel Duval. Mu 1974 iye anajambula chithunzi cha makona atatu. Anasankha mipweya itatu yokha, methane, ethylene ndi acetylene, mbali iliyonse ya chithunzicho n'kuipatsa mpweya wake. Mukaphatikiza itatuyo n'kupeza peresenti ya uliwonse, mumapeza kadontho kamodzi, ndipo dera limene kadonthoko kagwera limatchula matenda: kutentha kochepa, kutentha koopsa, kuthetheka kofooka, kapena moto wolumpha. Malire a maderawo sanawalote. Anawatenga ku mathiransifoma amene anatsegulidwa, anthu n'kuona ndi maso chimene chinapsa.

Ubwino wa chithunzichi ndi wakuti kadontho sikangagwere kunja, yankho limapezeka nthawi zonse. Msampha wake ulinso pomwepo. Ngakhale thiransifoma yathanzi ili ndi timipweya tochepa, ndipo mukatiika pa chithunzicho chidzakutchulirani matenda, ngati sing'anga amene sabweza munthu wopanda mankhwala. N'chifukwa chake lamulo lake ndi lakuti muyambe mwatsimikiza kuti mpweya wachulukadi kapena ukukwera, kenako mufunse chithunzi. Mu 2014 Duval ndi mnzake Laurent Lamarre anawonjezera chithunzi cha makona asanu, chogwiritsa ntchito mipweya isanu.

Panatsala dzenje limodzi, ndipo linali lalikulu. Makampani ambiri ankatunga mafuta kamodzi pa chaka, mwina kawiri. Vuto likayamba sabata yotsatira mmisiri atachoka ndi sirinji yake, linali ndi miyezi khumi ndi umodzi yokula popanda wolifunsa. Zili ngati kulondera munda wa chimanga tsiku limodzi pa chaka n'kumayembekeza kuti anyani adzabwera tsiku lomwelo.

Yankho loyamba linachokeranso ku IREQ m'zaka za m'ma 1970 zomwezo: kachipangizo kotchedwa Hydran, kamene kampani ya Syprotec ya ku Montréal inkapanga ndi kugulitsa mpaka kampani ya GE inaigula mu 1999. Amakamangirira pa mpopi wa thiransifoma ndipo sikachokapo. M'kati mwake muli kachikopa kopyapyala kamene kamatchinga mafuta koma kamalola mpweya kudutsa. Haidrojeni akadutsa amakumana ndi oksijeni wa mumphepo m'kabatire kapadera, n'kutulutsa timagetsi tochepa tolingana ndi kuchuluka kwake. Anasankha haidrojeni chifukwa pafupifupi vuto lililonse la m'mafuta limamutulutsa, ndipo ndi wopepuka, woyamba kufika. Kachipangizoka sikatchula matenda. Kali ngati galu wa pakhomo: kamauwa, ndipo kakauwa mumathamanga ndi sirinji kupita ku labotale. Koma sikagona, ndipo kusagonako n'kumene kunasintha ntchito yonse.

Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 labotale yeniyeniyo inasamukira pa thiransifoma. Kampani ya Serveron ku America inalongedza kachubu ka Martin ndi James m'bokosi loima panja, lodzitungira lokha mafuta maola angapo alionse. Kampani ya Kelman ya ku Lisburn, ku Northern Ireland, imene GE inaigulanso mu 2008, inatenga njira ina, ndipo imeneyi ndi imene imandidabwitsa. Mu 1880 Alexander Graham Bell, mwini wa telefoni uja, anapeza kuti kuwala kukamayaka ndi kuzima mofulumira pa chinthu, chinthucho chimatulutsa kaphokoso. Kwa zaka zambiri zimenezi zinali zodabwitsa chabe zopanda ntchito. M'makina a Kelman, mpweya wokokedwa m'mafuta umatsekeredwa m'kachipinda kakang'ono. Kuwala kosaoneka ndi maso, kuja timakumva ngati kutentha, kumadulidwadulidwa ndi gudumu lozungulira, n'kudutsa pa sefa yosankha mtundu wa kuwala umene mpweya umodzi wokha umameza. Mpweyawo ukameza umatentha n'kufufuma, kuwala kukadulidwa umazizira n'kubwerera. Kufufuma ndi kubwereraku kumapanga kaphokoso, ndipo maikolofoni amakamva. Phokoso likakula ndiye kuti mpweya ndi wambiri. Sefa ikasintha, mpweya wina umaitanidwa kuti uyankhe. Mphuno ija inadzakhala khutu.

Phindu lalikulu la kuyeza kosalekeza silili pa nambala, lili pa mayendedwe a nambalayo. Thiransifoma yakale ikhoza kukhala ndi ethylene wambiri wotsalira ku vuto la zaka khumi zapitazo limene linapola kale, nambala yake n'kukhala duu osasuntha. Ina ikhoza kukhala ndi wochepa, koma wokwera tsiku lililonse kuyambira Lachiwiri. Sirinji ya kamodzi pa chaka ikhoza kuopa yoyambayo n'kuikhululukira yachiwiri, pamene yoopsa ndi yachiwiriyo. Mzere wa pa kompyuta umaonetsanso zimene sirinji singaone. Ngati mpweya ukukwera madzulo okhaokha, anthu akayatsa mbaula zamagetsi, ndiye kuti vuto lili m'njira yodutsa magetsi, mwina polumikizira, ndipo kuchepetsa katundu wa magetsi kungaligoneke kaye pamene mukukonzekera. Ngati ukukwera mofanana usana ndi usiku osalabadira katundu, maso amapita ku mulu wa timalata uja. Injiniya amapeza chinthu chimene Buchholz sakanamupatsa: mpata wosankha yekha tsiku lozimitsa, kuitanitsa zida, ndi kuchenjeza anthu. Ngakhale malangizo a IEEE atalembedwanso mu 2019, pogwiritsa ntchito zotsatira zoposa miliyoni imodzi za m'malabotale, anaika mtima kwambiri pa kukwera kwa mpweya.

Ogulitsa makinawa sakonda kutchula zofooka zake, choncho ndizitchule ine. Mafuta ena amatulutsa haidrojeni okha akangofunda, popanda vuto lililonse. Mathiransifoma ambiri ali ndi chosinthira mphamvu chimene chimathetheka mwachibadwa m'kachipinda kakekake, ndipo acetylene wa mmenemo akadontha kulowa m'thanki yaikulu amaopseza anthu pachabe. Makina oyezera nawonso amakalamba msanga kuposa thiransifoma imene ikhoza kugwira ntchito zaka 40: amasokonekera, gasi wake woyendetsera mipweya m'kachubu amatha, mapaipi amatsekeka, ndipo amafunika kuwayerekeza ndi labotale nthawi ndi nthawi. Belu lolira pachabe kawirikawiri limaphunzitsa anthu kulinyalanyaza, ndipo palibe choopsa kuposa chimenecho. Palinso imfa zina zimene sizinunkhadi. Mphenzi ikamenya, kapena chotchingira chadothi chija cha pamwamba chikasweka, zonse zimatha m'kuphethira kwa diso. Pamenepo mwambi uja umapambana mlandu.

Kwathu kuno nkhaniyi si ya eni ake okha. Kuyambira pamene Nkula A inayamba kupanga magetsi pa Shire mu 1966, magetsi a Malawi akhala akudalira malo ochepa ndi mizere yochepa. Mzere wa 400 kV wochokera ku Phombeya m'boma la Balaka kukafika ku Nkhoma, umene unamalizidwa mu 2018, uli ndi mathiransifoma aakulu mbali zonse ziwiri, ndipo dziko laling'ono silikhala ndi ambiri ongodikira pambali. Thiransifoma yaikulu sagula ngati babu pa golosale. Imapangidwa mwa oda, kudikira kumatha chaka kapena kuposa, imalemera matani 100 kupita m'tsogolo, ndipo kuti ifike kuno iyenera kutsikira pa doko la eni, ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, n'kuyenda pa msewu pang'onopang'ono ngati maliro a mfumu. Poyerekeza ndi zimenezo, mtengo wa bokosi loyezera ndi wa nkhuku pa mtengo wa ng'ombe.

Kathiransifoma ka pa mapolo kaja, kamene tinayambira nako pa chigayo, sikaikidwa makina otere, chifukwa akhoza kudula kuposa iko komwe. Adani ake ndi ena: katundu wopyola muyezo, mphenzi, ndi akuba amene amakhetsa mafuta usiku n'kusolola kopa. Kopanda mafuta sikakhalitsa, ndipo pamenepo mphuno yofunika ndi ya anthu okhala pafupi.

Kwa amene amasaina mapepala ogulira mathiransifoma aakulu, pempho langa ndi ili: pogula bokosi loyezera, lembaninso ndalama zolisamalira, ndi dzina la munthu amene aziyang'ana mzere wake m'mawa uliwonse, wokhala ndi mphamvu yonena kuti zimitsani. Ndipo inu owerenga, mukadzadutsa pa sabusiteshoni yaikulu, dzaimeni kunja kwa mpanda muyang'ane paipi yokwera ku mgolo wa pamwamba. Pakati pake mudzaona kabokosi kachitsulo kokhala ndi kazenera ka galasi. Ndi ka Buchholz, ka mu 1921, ndipo palibe injiniya amene walimba mtima kukachotsa.